Mwana akupinda miyendo madzulo alionse, apongozi andiletsa nyemba

Mayi wa ku Nchalo:
Mwaswera bwanji amayi ndi abambo. Ndithandizeniko nzeru. Mwana wanga ndi woyamba, ali ndi masabata 5, akungoyamwa bere basi. Masana alibe vuto, koma dzuwa likangopendeka ndiye wayamba. Amapinda timiyendo, nkhope kufiira kuti psuu, kudzikakamiza, kamimba kulira, kenako kuphwisa motsatizana. Akatero amakhala phee pang'ono, n'kuyambiranso mpaka mudzi wonse ugone. Apongozi akuti vuto ndine, ndikudya zodzaza mpweya. Andiletsa nyemba, nandolo, khobwe, kabichi, mbatata, anyezi, ngakhale therere. Ndiwo zanga tsopano ndi nsomba ikapezeka, ikasowa ndi tomato wa madzimadzi ndi mchere. Ndikaimirira msanga ndikumamva chizungulire, koma kulira kwa mwana kuli pomwepo. Kodi n'zoona kuti nyemba zimene ndadya ine zingatupitse mimba ya mwana?

Mayi wa mapasa, Bangula:
Therere lalakwanji abale? Pepani asisi, sindikuseka inu. Ine mapasa anga ndinawayamwitsa ndikudya nandolo pafupifupi tsiku lililonse, poti ndi amene analipo m'nyumba. Mmodzi ankalira madzulo alionse, mnzake ankangogona. Mayi mmodzi, mbale imodzi, mawere omwewo. Ndiye kuti nandoloyo ankachita kusankha mwana woti amutupitse?

Agogo a ku Tengani:
Akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ana inu musamafulumire kuseka akuluakulu. Apongozi akowo sakukuda, akufuna mdzukulu wawo agone. Ife tinalera ana kulibe mafoni, ndipo tinkaona ndi maso. Mayi ukadya nyemba mimba yako imatupa, nanga amene akuyamwa kwa iwe apulumuka bwanji? Cholowa m'kamwa ndi chomwe chimatsikira m'bere. Mwana wanga, pirira miyezi yochepayi, nyemba sizithawa.

Bambo wa kabaza, Dyeratu:
Agogo, nyemba sizithawa koma nsomba inathawa kale. Mtengo wa makakana masiku ano si wa munthu wopalasa njinga. Mukachotsa za nyemba zonse m'nyumba mwanga, mayi wa mwana adyera chiyani nsima?

Namwino wopuma ntchito, Ngabu:
Agogo, ulemu wanu. Kuti apongozi akufunira mwana zabwino ndikuvomereza, koma pa nyembapa tisiyana.

Mkaka supangidwa m'mimba mwa mayi. Umapangidwa m'bere momwemo, ndipo zopangira zake zimachokera m'magazi. Kuti chinthu chifike mu mkaka, chimayamba chagayidwa n'kulowa m'magazi. Tsono chimene chimabweretsa mpweya mu nyemba, khobwe ndi kabichi ndi mbali ija imene thupi limalephera kugaya. Imeneyo imangopitirira mpaka m'matumbo aakulu, kumene imakapeza tizilombo tabwino timene tonse tili nato. Tizilomboto tikamaidya ndi pamene mpweya umabadwa. Mpweyawo ndi wa mayi mwini, amautulutsa yekha, mu mkaka sufikamo.

Wa mwana uli ndi kochokera kwake. Wina amameza poyamwa ndi polira. Wina umapangika m'matumbo mwake momwe pamene tizilombo take tikugwira shuga wa mu mkaka, ndipo izi zimachitika kwa khanda lililonse, ngakhale mayi ake atamadya nsima ndi mchere wokha. Chinanso, khanda limakhala lisanaphunzire kukankha uku likumasula kumunsi. Limakankha litamanga, n'chifukwa chake kufiira ndi kubuula konseko kanthu kasanatuluke.

Komanso msinkhu umene wafika mwanayu ndi wa kulira. Makanda ambiri kulira kumayamba kukwera sabata yachiwiri, kumafika pachimake cha pa masabata 6, makamaka madzulo, kenako n'kumatsika pofika miyezi 3 kapena 4. Chikhulupiriro cha nyemba chimapezera mphamvu pamenepa. Mayi amasala miyezi itatu, mwana n'kusiya kulira pa nthawi imene akanasiya ndi kale, anthu n'kumati mwaonatu, zinali nyemba.

Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi chizungulire chanucho, mayi. Mwangochira kumene, munataya magazi, ndipo woyamwitsa amayenera kudya kawiri kowonjezera pa tsiku, osati kuchepetsa. Nyemba, nandolo ndi masamba ndiye zobwezera magazi zimene munthu wa kuno angakwanitse. Musadikire tsiku la sikelo, pitani akakuyezeni magazi.

Agogo a ku Tengani:
Nanga bwanji mayi akamwa mowa mwana amangogona osadzuka? Mowawo wadutsa pati, ngati m'bere simudutsa kanthu?

Namwino wopuma ntchito, Ngabu:
Mwafunsa bwino agogo. Mowa umalowa m'magazi, ndiye umafikadi mu mkaka. Chimodzimodzi chija chimachotsa tulo mu khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa za kola, fungo la adyo, ndi mankhwala ena. Zimenezo zimadutsa. Sindinanene kuti m'bere simudutsa kanthu, ndati mpweya wa nyemba sudutsa.

Mayi a ku Nchalo, tandiyankhani izi. Poyamwa amamveka kuti tswa tswa, kapena kutsamwa? Nsonga za mawere zikupweteka? Mumamusiya amalize bere limodzi kapena mumasinthasintha? Chimbudzi chake n'chotani, ndipo matewera akunyowetsa angati pa tsiku?

Mayi wa ku Nchalo:
Zikomo anamwino. Kutsamwa kokha ndiye kwambiri. Akangoyamba kuyamwa mkaka umatuluka mothamanga, amasiya bere n'kutsokomola, mkaka n'kumuthira kumaso. Nsonga ya kumanzere ili ndi kachilonda. Ndimasintha mawere pafupipafupi chifukwa anandiuza kuti ndikapanda kutero lina likula kuposa linzake. Chimbudzi nthawi zambiri n'chachikasu, koma masiku ena chimakhala chobiriwira cha thovu. Matewera sindiwerenga, chingwe chokha chimadzaza tsiku lililonse. Pomuona, thupi akukwera ndithu.

Namwino wopuma ntchito, Ngabu:
Ndiye wolakwa tamupeza, ndipo si therere.

Kachilondako kakutiuza kuti mwana akugwira nsonga yokha. Akagwira choncho pakamwa pamatsala mpata, mpweya n'kumalowa limodzi ndi mkaka. Mutembenuzeni thupi lonse, kamimba kake kagunde mimba yanu, mutu ndi thupi ziwongoke, asachite kupotoza khosi. Mukhudzeni mlomo ndi nsonga ya bere, mudikire ayasamule kwambiri, kenako mumubweretse ku bere, osati inu kuweramira kwa iye. Akagwira bwino chibwano chimagunda bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda ya bere imaoneka yambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Masaya amakhala odzaza, ndipo mumamva kumeza, osati tswa tswa.

Za mkaka wothamangawo, tsamirani khoma mutapendekera chagada pang'ono, mwana akhale pamwamba panu. Ukamatuluka mwamphamvu muchotseni kaye, ugwere pa kansalu, ukachepa mumubwezere.

Kusinthasinthako lekani. Mkaka woyamba kutuluka umakhala wamadzimadzi, mafuta amanka nachuluka bere likamapita kotha. Mwana amene akungolawa kuno n'kulawa uko amadzaza mimba ndi wamadzimadzi uja, umene umathamanga m'matumbo shuga wake asanagayike yense. Mapeto ake ndi mpweya ndi chimbudzi cha thovu chimene mwanenacho. Musiyeni ayamwe bere limodzi mpaka alisiye yekha, mumugeyetse, kenako mumupatse linalo ngati akulifuna. Ulendo wotsatira muyambire bere linalo, ndipo mawere akhala ofanana.

Pogeyetsa muikeni paphewa ataimirira, muzimusisita kumsana mofatsa. Akabzikula pang'ono si vuto. Akamapotokola mugonekeni chagada, mugwire timiyendo muzitiyendetsa ngati akupalasa kabaza, kenako mupindire mawondo ku mimba pang'onopang'ono. Muthanso kumugoneka chafufumimba pa mkono wanu ali maso. Koma pogona tulo, chagada, mu neti.

Mayi wa mapasa, Bangula:
Ndiwonjezere chimene ndinaona ine. Nthawi imene mwana amayamba kulirayo ndi yomwe ife tili pa moto. Ukusonkha nkhuni, nsima ili pakati, madzi osamba a abambo, mbuzi zikulowa. Mwana amayamba n'kunyambita milomo, kuyamwa chala, kutembenuza mutu, iwe n'kumati ndithyakule kaye. Pofika kwa iye walira mpaka mawu kusasa, wameza mpweya wodzaza mimba, ndipo akugwira bere mwaukali. Ndiye muone kutentha kwa m'nyumba ya malata madzulo kuno, mwana atakulungidwa m'bulangete ndi chipewa cha ulusi kumutu. Asisi, ngati apongozi akufunadi kuthandiza, atenge mthiko madzulo, inu mukhale pa mkeka muyamwitse mwana asanayambe kulira. Ndipo muchotseni zofunda zambirizo, kuno si ku Dedza.

Bambo wa kabaza, Dyeratu:
Za kabazazo ndamva anamwino, ntchito imeneyo mundisiyire ine. Koma bwanji simukutchula gripe water? Kwathu timagula mu golosale, supuni imodzi mwana ziii. Ana anga onse anamwa ndipo akula bwinobwino. Mayi uyu akuvutika usiku wonse pamene mankhwala ali pa shelefu.

Mlangizi wa zaumoyo, East Bank:
Achimwene, kukhala chete kumene mumaonako n'kwa kutsekemera. Gripe water yambiri imakhala madzi otsekemera, soda ndi mafuta a zitsamba. Khanda likalawa chotsekemera limatonthola kwa kanthawi, ngakhale mutalipatsa madzi a shuga wamba, koma si kuti mpweya wachoka. Ndiye ganizani za supuniyo, yatsukidwa ndi madzi ati, ndipo botololo lakhala masiku angati pa windo kutentha konseku.

Malangizo a unduna wa zaumoyo ndi a bungwe la WHO ndi amodzi: miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, kuyamwitsa mwakathithi. Chololedwa kulowa m'kamwa mwa mwana kupatula mkaka ndi katemera ndi mankhwala amene mwapatsidwa kuchipatala. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana miyezi 6, ana 61 okha ndi amene ankayamwa mwakathithi. Pa zimene ndimaona m'midzi, amayi ambiri sasiya chifukwa chosadziwa ayi. Amasiya usiku ngati umene akufotokoza mayi wa ku Nchaloyu: mwana akulira, nyumba yonse ili maso, wina n'kubwera ndi supuni. Lero gripe water, mawa madzi, mkuja kaphala kamadzimadzi poti akuti mkaka sukumukwanira. Kuphwisa sikunagonekepo mwana m'chipatala, koma kutsekula m'mimba kobwera ndi supuniyo kumagoneka ambiri.

Mayi wa geni ya nsomba, Chiromo:
Alangizi, za gripe water ndamva. Koma madzi okha musatiletse. Mukudziwa nokha mmene kumatenthera kuno mu Okutobala ndi Novembala, mpaka kupitirira madigiri 40. Ife akuluakulu kukhosi kumauma kuti gwa, nanga khanda? Mwina kulira kwinaku ndi ludzu.

Mlangizi wa zaumoyo, East Bank:
Likhoza kukhala ludzu ndithu amayi, koma mankhwala ake ndi bere lomwelo. Mkaka wa m'mawere pafupifupi magawo 88 pa 100 alionse ndi madzi. Kukatentha mwana amayamwa pafupipafupi, pang'onopang'ono, ndipo n'zimene zimamuthetsa ludzu. Muloleni, ngakhale kupitirira ka 12 pa tsiku. Woyenera kumwa madzi ambiri ndi mayi. Chizindikiro chakuti mwana akukhuta madzi ndi mkodzo: matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wosada.

Ndipo madzi ake ati? Mijigo yambiri kuno ku chigwa imatulutsa amchere, anthu n'kumakatunga ku Shire kapena m'zitsime zosavindikira. Kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tinaiona, ndipo namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 zimbudzi zambiri zinagwera m'madzi omwe timamwa. Kamimba ka khanda n'kakang'ono. Mukathiramo madzi mwachotsa malo a mkaka, mwana ayamwa pang'ono, mkaka nawo uyamba kuchepa m'bere.

Mphunzitsi, Nsanje boma:
Ndikugwirizana ndi anamwino, koma tisafike ponena kuti chakudya cha mayi sichikhudza mwana n'komwe, chifukwa ine zinandichitikira. Mwana wanga wachiwiri sikunali kulira kwa madzulo kokha. Ankalira usana ndi usiku, khungu la m'masaya ndi m'mapindiko linali lokakala loyabwa, ndipo tsiku lina ndinaona timizere ta magazi ndi zonanda m'thewera. Kuchipatala atamuyeza anandifunsa ngati ndimamwa mkaka wa ng'ombe. Ndinkamwadi wambiri, achibale ankanditumizira kuti ndibwezere mphamvu, kuphatikiza chambiko ndi wa ufa wa mu tiyi. Anandiuza ndisiye zonse za mkaka wa ng'ombe kwa masabata angapo, china chilichonse ndizidya. Magazi anasiya, khungu linasalala. Atandiuza ndiyesenso kumwa, zinabwerera, ndiye tinatsimikiza. Nyemba ndinkadya nthawi yonseyo.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti kusala kulipo, koma kumakhala kwa chinthu chimodzi, pa chifukwa chooneka, mouzidwa ndi achipatala. Osati kusesa mbale yonse nthawi imodzi. Ukasiya zinthu zisanu ndi ziwiri pamodzi, ngakhale mwana atasintha udziwa bwanji chimene chinali kumuvuta?

Namwino wopuma ntchito, Ngabu:
Aphunzitsi mwanena bwino. Mapuloteni a mkaka wa ng'ombe amatha kudutsa pang'ono mu mkaka wa mayi, ndipo pali ana ochepa amene thupi lawo limawakana. Koma ana amenewo amakhala ndi zizindikiro ngati mwatchulazo: magazi m'chimbudzi, zotupa pakhungu, kusanza kwambiri, kapena sikelo kusakwera. Mwana wonenepa bwino amene amangolira madzulo n'kuphwisa sali m'gulu limenelo. Amayi a kuno kumene ng'ombe zili mbwee musathamangire kutaya mkaka.

Mlongo wa ku Johannesburg:
Moni kumudzi. Ine kwathu ndi kwa Mbenje koma ndili kuno. Anzanga kuno akuti mwana wanga ndimusiyitse bere ndimupatse mkaka wa m'chitini, akuti umakhazika mimba. Zoona?

Namwino wopuma ntchito, Ngabu:
Ayi mwana wanga. Ana a botolo nawonso amalira madzulo pa msinkhu womwewu, ndipo pa botolo mpweya amamezanso. Wa m'chitini umagayika mochedwa kuposa wa m'bere ndipo chimbudzi chimalimba. Ukhala wawonjezera bajeti, kulira kuli pomwepo.

Mayi wa ku Nchalo:
Zonsezi ndazimva ndipo kayamwitsidweko ndiyamba lero lomwe. Vuto ndi mphika. Ine ndili kwa eni, amuna anga amachoka m'mamawa kupita ku mizimbe, amabwera atatopa. Ndiwo amasankha ndi apongozi. Ndikati nditenge nandolo ndiphike ndekha, mwana akalira usiku umenewo nkhani ifika mpaka kwa ankhoswe. Ndiwauze bwanji?

Mayi wotsogolera gulu la amayi ophunzitsana za zakudya ndi kulera ana (care group), Makhuwira:
Achemwali, chinthu choyamba musakawaonetse foni kuti taonani zimene anena anthu. Mukatero mwaluza mlandu musanayambe. Kuno ambiri tinalowoledwa, timakhala kwa amuna, ndipo mphika wa mtengwa wochira kumene ndi wa apongozi, tonse tikudziwa. Njira imene imatithandiza ife ndi kuwatenga agogowo kupita nawo ku sikelo. Masabata 6 akwana posachedwa, tsiku la katemera. Apempheni kuti amayi ndiperekezeni, ndikumamva chizungulire, mundinyamulire mwana. Mukafika funsani funso la nyembali pamaso pawo, ayankhe ndi anamwino, inu muli chete. Mawu omwewo akachoka m'kamwa mwa mtengwa ndi mwano, akachoka kwa wa yunifolomu ndi malangizo.

Chachiwiri, amuna anu asabisale kumbuyo kwa kutopa. Mayi ndi awo. Abwere ndi nandolo m'manja, anene okha kuti amayi, kuchipatala akuti mkazi wanga magazi achepa, muphikireni uyu.

Ndipo kuti apongozi asachite manyazi, sinthani kaphikidwe, zioneke kuti mwawamvera. Viikani nyemba usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo muphikire ena. Zimapsa msanga, nkhuni zimapita zochepa, ndipo inu amene mimba situpa kwambiri. Kapena chotsani makoko muphike chipere. Zina zimene sanaletse gwiritsani ntchito: chitambe, nkhwani wotendera, kholowa, masamba a sangowa amene ali pa mpanda pomwepo, dzira, matemba, phala la mapira kapena la mchewere lothira nsinjiro, malambe, masau, bwemba, papaya. Magulu 6 a zakudya aja satanthauza za mu shopu.

Agogo a ku Tengani:
Uyu wa ku Makhuwira analeredwa. Mukamatiuza mwaulemu timamva, sife miyala. Koma ndikuuzeni zimene tinkachita, musamayese kuti tinkangoletsa zakudya. Mayi akachira ankakhala m'chikuta, osagwira ntchito. Phala la mapira linkabwera m'mamawa, nkhuku inkaphedwa. Mwana akayamba kulira madzulo, agogo ake ankamutenga, kumusambitsa madzi ofunda, kumudzoza mafuta, kumuika pachifuwa n'kumayenda naye pabwalo uku akuimba chapansipansi, mayi akudya. Masiku ano mwana wamasabata awiri mayi ake ali kale ku dimba. Ndiye mukuti mwana asalire?

Zikakanika tinkaviika timizu, timadontho tiwiri pa lilime, ndi mankhwala a liwombo. Nandolo ndi therere ndalola, adye. Koma kabichi yekha sindivomera, ngakhale mubwere ndi madokotala onse a ku Blantyre.

Mlangizi wa zaumoyo, East Bank:
Agogo, kabichi tikusiyirani, sitikangana. Mayi akasiya kabichi yekha koma n'kumadya chitambe ndi nandolo palibe chimene wataya. Zakusambitsa, kunyamula ndi kumupumitsa mayi, mwatiposa tonse, ndipo n'zimene zimagwiradi ntchito.

Timizuto tokha ndikupemphani, ayi. Mphamvu ya muzu palibe amene amaiyeza, ndipo chiwindi ndi impso za khanda n'zanthete. Liwombo kugunda n'chibadwa, limatsekeka lokha mwana akamakula. Likalowa m'kati ndiye kuti mwana watha madzi m'thupi, likatupa ndi matenda aakulu, zonse ziwiri n'za kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo apa ndiye pamene ndimaopa kwambiri nkhani ya mpweyayi. Banja likakhulupirira kuti ndi nyemba, limakhala pakhomo kudikira mayi asale, mwana akudwala zina. Kuno udzudzu sutha chaka chonse. Khanda likatentha thupi kufika madigiri 37.5 kapena kuposa, kapena likazizira modabwitsa, likakana bere, likamasanza chilichonse kapena masanzi obiriwira, mimba ikatupa n'kulimba osaphwa ngakhale laphwisa, mukaona magazi m'thewera, likamapuma mothamanga kapena nthiti kulowa m'kati, likafooka osadzuka, likakomoka, mchombo ukafiira n'kumatuluka mafinya, musafunse pa foni, musadikire kuche. Kwa ife a tsidya lino nthawi ya mvula msewu umaduka, ndiye nyamukani chizindikiro chikangoyamba.

Chomaliza kwa amayi ndi abambo omwe: kulira kukakufikani pakhosi, muikeni mwana pansi pamalo abwino, itanani wina, tulukani panja mupume. Osamugwedeza mwaukali, ubongo wa khanda suchedwa kuvulala.

Mayi wa ku Marka:
Pepani ndifunse nawo. Ine ndimamwa ma ARV, mwana akumwanso ka mankhwala kamadzi kamene anandipatsa. Nayenso akuphwisa n'kumalira. Alamu anga akuti ndi mankhwalawo, ndiyambe ndasiya. Ndichite bwanji?

Namwino wopuma ntchito, Ngabu:
Musasiye ngakhale tsiku limodzi, anu ndi a mwana omwe. Kuyambira 2011 dziko lino limaika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo pa ma ARV moyo wonse, ndipo ndi zimene zikuteteza mwana wanuyo pamene akuyamwa. Kuphwisa kwake n'kofanana ndi kwa ana ena onse amene tikukamba pano. Kwa inu, kupewa madzi, gripe water, timizu ndi kaphala miyezi 6 isanakwane n'kofunika koposa, chifukwa kusakaniza bere ndi zina kumawonjezera mpata woti kachilombo kadutse. Mukaona zotupa pakhungu kapena maso achikasu, pitani naye mukawaonetse, asinthe ndi iwo ngati pali chosintha.

Mayi wa geni ya nsomba, Chiromo:
Nanga thobwa ndi tsabola? Ine mlamba wopanda tsabola sumezeka.

Namwino wopuma ntchito, Ngabu:
Tsabola idyani monga mumadyera masiku onse. Thobwa la mapira lotsekemera imwani, limapatsa madzi ndi mphamvu, ngakhale chimene chimachulukitsa mkaka kwenikweni ndi kuyamwa kwa mwana, osati thobwalo. Likagonera masiku n'kuyamba kululuza lasanduka mowa, lisiyireni ena. Tiyi makapu awiri alibe vuto, koma osati fulasiki yonse.

Mayi wa ku Makhanga:
Ndabwera mochedwa koma ndawerenga zonse. Wanga ali ndi miyezi 2, amayamwa bere lokha, akuphwisa kwambiri koma lero ndi tsiku lachinayi osachita chimbudzi. Aneba akuti ndisongole kasopo ndimulowetse kumunsi kuti chituluke.

Namwino wopuma ntchito, Ngabu:
Sopo ayi mayi, amawotcha ndi kuchekula m'kati. Mwana woyamwa bere lokha akadutsa masabata 6 amatha kukhala masiku angapo, ena mpaka sabata, osachita chimbudzi, chifukwa mkaka wa m'mawere umagayika pafupifupi wonse. Ngati akuyamwa bwino, akukodza, akuphwisa, mimba ndi yofewa mukaidina ndipo sakusanza, mudikireni, ndipo konzani thewera ndi chitenje chapadera chifukwa tsiku lotuluka chimabwera chambiri. Chikatuluka cholimba cha timibulu, kapena mimba ikalimba n'kuyamba kusanza, pitani naye kuchipatala. Kwa khanda losakwana mwezi n'zosiyana: limenelo likadutsa tsiku osachita chimbudzi, kawirikawiri ndiye kuti silikukhuta, likaonedwe kayamwidwe kake.